Amene Anamata Phula Pamamba

Amuna anga, a Ivor, anabwerera chafutambuyo kalabu yathu yonse ya masewera oyenda pa chipale chofewa ikuona. Tinali pa kaphiri koyamba, kuseri kwa poimika magalimoto, kaja timaphunzitsirapo ana a sukulu, ndipo a Ivor anali patsogolo monga mwa nthawi zonse. Anaponda ndi mwendo wamanja, sikii, chinthu chachitali chonga thabwa chimene timavala kuphazi, n'kuterereka. Anaponda ndi wamanzere, chimodzimodzi. Anayesa kuzika ndodo, koma chipale chofewa cha tsikulo chinali chonyowa, ndodo zinangomira, iwo n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukakhala pansi patsinde pa bulugamu, miyendo ili m'mwamba.

Palibe anaseka, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka koposa. Munthu akagwa anzake n'kuseka, ndiye kuti akumuonabe ngati mnzawo. Akangoti zii, aliyense n'kuyamba kukonza magolovesi ake, ndiye kuti ayamba kumuwerengera zaka.

Woyamba kufika anali mkamwini wathu Brenton, mwamuna wa mwana wathu Kirrily. Anafika msanga kwambiri, ngati munthu amene ankadziwa kale malo amene apongozi ake agwere.

"Bambo, mwavulala? Gwirani dzanja."

"Chotsani dzanja lanulo, sindine mtembo," anatero a Ivor.

Ine ndinagwada, ndinawavula sikii imodzi n'kuitembenuza. Masikii athu ali ndi mamba pakati, pansi pa phazi, ngati a nsomba. Ukamapita kutsogolo mambawo amagona, ukaponda pokwera amaluma chipale. Kutsogolo ndi kumbuyo kokha, kumene kuli kosalala, ndi kumene timasitirako phula kuti sikii iziyenda. Ndinayendetsa chala chachikulu pamambapo. Panali see, ngati kandulo. Munthu wina anali atasungunulira phula pamamba onse, n'kusita bwinobwino ndi simbi, osasiya ndi limodzi lomwe. Sikii yotero ingakutsitse phiri lililonse, koma singakukweze ngakhale chulu.

A Ivor anailanda, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana anthu aja mmodzimmodzi kumaso.

"Ndani wachita zimenezi?" anafunsa.

Brenton anayang'ana pansi.

Mwana aliyense wa m'tawuni yathu ya Mount Beauty amene anavalapo masikii angakuuzeni lamulo la a Ivor: phula pamamba ayi. Ankawauza ana kuti mamba ndi mano a sikii, n'kuwafunsa ngati alipo amene angamate phula m'mano mwa galu wake kenako n'kumutuma kukagwira nyama. Chimene ankalola pamamba ndi timadzi topaka ndi kansalu basi, toletsa chipale chonyowa kuunjikana pansi pa phazi. Tsono amene anachita zimenezi sanangofuna kuwagwetsa. Anafuna kuwagwetsa ndi lamulo lawo lomwe, kuti anthu azinena kuti ngakhale masikii awo sakuthanso kuwasamala.

Ndipo chifukwa chake sindinachite kuchifunafuna. Kumapeto kwa Ogasiti chaka chilichonse kalabu yathu imadutsa chidikha cha pamwamba pa mapiri kukagona ku kanyumba ka malata kamene anasiya abusa a ng'ombe akale. Mizati yolozera njira imathera pakati. Kuchokera pamenepo, nkhungu ikatsika, njira imakhala m'mutu mwa wotsogolera basi, ndipo kumanzere kuli chiphedi chimene sichibweza munthu. A Ivor anayamba kutsogolera ulendowo Kirrily ali wakhanda. Chaka chimene anagwachi, pa msonkhano wa kalabu, Brenton anaimirira n'kunena mwaulemu wake wotererawo kuti mwina abambo apumuleko, atsogolere ena. Anthu anakana, koma anakana monyinyirika. Tsopano anali ataona okha mdala wawo ali chagada patsinde pa mtengo, ulendo utangotsala milungu yochepa.

Masikii a Ivor ankagona mu shedi ya kalabu, ndipo mmodzi mwa osunga kiyi ya shediyo anali Brenton. Ndinaganiza zomutchera kaye diso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuchotsa phula pamamba ndi ntchito yotukwanitsa. Ndinayala nyuzipepala patebulo la kukhitchini, n'kukhala pansi ndi mswachi wakale, kamtengo kotokosera m'mano ndi botolo la mankhwala aja onunkhira malalanje. Umathira, umadikira phula lifewe, umatsuka, kenako umatokosa bamba lililonse palokha. Kirrily anandipeza ndili pa sikii yachiwiri. Anabwera ndi masikono, zimene sachita pokhapokha akakhala ndi nkhani. Anatereka ketulo, anatulutsa makapu, anapukuta pamene panali popukuta kale.

"Amayi, abambo mukuwaona bwanji masiku ano?"

"Ndikuwaona ndi maso. Iwe ukuwaona ndi chiyani?"

Anayamba kuwerenga tinthu. Akuti sabata yathayo bambo ake ananyamula fulasiki ya madzi otentha okhaokha opanda masamba. Akuti anawapeza ataima pakhomo pa positi ofesi, atagwira kalata, akuyang'ana uku ndi uku ngati mlendo. Ndinamuuza kuti bambo ake akhala akuiwala masamba a tiyi kuyambira iye asanabadwe, ndipo ngati kuima pakhomo pa positi ofesi ndi matenda ndiye kuti theka la tawuni yathu likufunika kugonekedwa.

"Sindikunena kuti akudwala, amayi. Ndikungoti ulendo uja..."

"Akutuma amuna ako?"

Anasiya kapu patebulo. Nkhope inafiira mpaka kumakutu, monga ankachitira ali mwana akagwidwa ndi shuga m'manja.

"Brenton amawakonda abambo kuposa mmene mukuganizira."

"Eya, amawakonda. Ndikuchitokosa pano chikondi chakecho."

Anachoka osamaliza tiyi. Ndinakhumudwa, chifukwa Kirrily ndi mwana mmodzi yekhayo, koma ndinaonanso kuti nkhaniyi anaikambirana kunyumba kwawo, mwina kangapo, ndipo tinthu ta bambo ake tinali titasonkhanitsidwa kale ngati nkhuni zodikira machesi.

Masikii ndinawachotsa ku shedi n'kuwatsekera mu galaja yathu, mmene a Ivor ali ndi benchi lawo logwirirapo ntchito, simbi yawo ndi zidutswa za phula zamitundumitundu m'chitini cha mabisiketi. Pamwamba pa benchilo, pakhoma, pamapachikika masikii athabwa a malemu bambo awo, amene anachokera ku Norway kudzakumba ngalande za magetsi m'mapiri muno. Loko wa galajayo ndinkamuyesa m'mawa ndi madzulo. Kiyi yanga inali m'chikwama, ndipo yapadera inali pamalo ake akale, m'jombo yakutha ya pakhonde. Sindinaichotse dala. A pabanja okha ndi amene ankadziwa za jomboyo, ndipo ndinkafuna ndione ngati nyambo idyedwa.

A Ivor nawo nkhani ija inawadya. Pa chakudya ankatchula mayina a anthu a mu kalabu, kuyesa aliyense ngati nsapato. Anatchula ngakhale Stavros, amene anasamukira ku Queensland kotentha kalekale chifukwa cha mawondo, ndipo ine ndinaseka poganiza kuti nthabwala zawo zayamba kubwerera. Dzina la mkamwini wawo lokha sanalitchule. Anthu aamuna amaona phiri lili kutali, koma mwala uli pakhomo amapunthwa nawo tsiku lililonse.

Ulendo unali wa Loweruka. Lachinayi ndimagulitsa mu sitolo ya kaunjika ya kutchalitchi, ndipo a Ivor amakakhala kwa ometa tsitsi kukangana za mpira ndi anzawo. Aliyense m'banja mwathu amadziwa kuti Lachinayi m'mawa pakhomo pathu sipakhala munthu. Ndinapita kusitoloko, ndinapachika majekete angapo, kenako ndinauza mnzanga kuti mutu ukundiwawa. Pobwerera ndinadzera njira ya kumbuyo.

Pikapu ya Brenton inali itaima kuseri kwa mpanda wa aneba, pamene siioneka kuchokera kumsewu. Jombo ya pakhonde inali itagwa chammbali.

Ndinakankha chitseko cha galaja. Sikii ya a Ivor inali chagada pabenchi, yomangidwa bwino, ndipo Brenton anali atawerama pamamba. Pansi ponse panali nyenyeswa za phula. Ndinamva kukoma, sindibisa. Kukoma kwa munthu amene anthu ankamuyesa wamisala, tsopano wagwira fisi ali m'khola.

"Pitirizani, a Brenton, musandione ine. Kapena ndikuikireni tiyi?"

Anadzidzimuka mpaka kugunda mutu ku nyale.

"Amayi, si mmene mukuganizira."

"Ndikuganiza chiyani? Ndiuzeni, poti mwazolowera kulowa paliponse osagogoda."

Anaika pansi chimene anagwira. Chinali burashi yaing'ono. Anatambasula manja ake kumaso kwanga n'kundiuza kuti ndinunkhize. Ananunkha malalanje. Kenako anandiuza kuti ndigwire simbi. Ndinaigwira, inali yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Koma mtima ukagamula mlandu sufunanso mboni. Ndinamuuza kuti wakuba akamva mapazi amayamba kusesa, ndipo simbi imazizira munthu akadali pomwepo.

"Aka si koyamba, amayi," anatero motsitsa mawu. "Ndakhala ndikuchotsa chiyambire Julayi. Tsiku lija la pakaphiri ndinachedwa, ndinawapeza atavala kale."

"Mukuchotsa. Chabwino. Nanga womata ndani?"

Anayang'ana nyenyeswa zija pansi, anazikankha ndi nsapato.

"Si ine woyenera kunena zimenezo."

"Ndi Kirrily? Mwagawana ntchito, wina kumata, wina kudzaoneka mngelo?"

"Ayi, amayi, chonde. Kirrily musamuikemo." Anapukuta manja pa buluku. "Pamsonkhano ndinayesa, anthu anakana. Inunso simufuna kumva. Ndiye ndangoti bola asagwenso pamaso pa anthu. Loweruka ndidzakhala pambuyo pawo penipeni, sindidzawasiya ngakhale pang'ono."

Pambuyo pawo penipeni. Ndinamva ngati khwangwala akulonjeza nkhuku yodwala kuti sachoka pafupi. Ndinamulanda kiyi, n'kumuuza kuti pakhomo panga azilowera kutsogolo ngati anthu, ndipo galajayo asadzaipondenso. Anatenga chipewa chake n'kuyamba kutuluka. Ali pachitseko anatembenuka ngati anene kanthu, koma anangoti botolo alisiya pabenchi, mamba a kuchidendene sanamalize.

Ndinamaliza ndekha masana amenewo. Sikii zonse ziwiri ndinazitsuka mpaka bamba lililonse linkandiluma chala. Makiyi awiri aja, yanga ndi ya m'jombo, ndinawamanga pa chingwe n'kuvala m'khosi, mkati mwa juzi. A Ivor sindinawauze. Ndinkafuna apite ku ulendo wawo ndi mtima woyera, nkhani ya mkamwini tidzaikambe atabwerako ndi ulemu wawo.

Loweruka kunacha kowala kuchigwa, koma pamwamba pa mapiri panali patakhala nkhungu yoyera, yokhuthala, yosasuntha. Ndinali kukhitchini kudula buledi ndi tchizi za paulendo pamene fungo linandipeza. Phula lotentha silisokonekera ndi china chilichonse. Ndinagwira pachifuwa, makiyi onse awiri anali pomwepo. Ndinaganiza kuti mnyamatayo wadulitsa kiyi ina, kapena wathyola zenera, pa tsiku lenileni la ulendo. Ndinatenga ndodo ya sikii imene inali pakhonde n'kuwoloka bwalo, udzu wouma ndi chisanu ukuthetheka kumapazi.

Loko anali wotsekula. Pa lokoyo pankalendewera mpukutu wa makiyi umene ndimaudziwa ngati dzanja langa, wokhala ndi kachikopa kamene Kirrily anasoka ali ku pulayimale. Masiku onsewa ndinkawerenga makiyi a anthu ena, osawerenga ya mwini galaja.

A Ivor anali pabenchi, atavala epuloni yawo yachikopa, akuimba likhweru. Sikii imodzi inali itatsamira khoma, ikunyezimira kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Inayo inali pabenchi. Anagunditsa chidutswa cha phula pa simbi, madontho n'kumagwa pamzere, ofanana, otalikirana bwino, kudutsa pakati penipeni pa mamba. Kenako anagoneka simbi n'kuiyendetsa mosathamanga. Dzanja silinkanjenjemera ngakhale pang'ono. Ndinali ndisanawaone akugwira ntchito mosangalala choncho nyengo yonseyo.

"Tseka chitseko, Noelene, mphepo iziziritsa phula."

Ndinatseka. Ndodo ija ndinaiimika pakona.

"Mukutani, bambo a Kirrily?"

"Sukuona? Kuyambira kumphuno mpaka kumchira, osasiya malo." Anakweza chibwano kuloza masikii athabwa a pakhoma aja. "Atate akapeza pouma pena pake andikoka khutu. Abwera posachedwa kudzayendera, ndiye usandichedwetse."

Bambo awo tinawaika m'manda Kirrily asanayambe sukulu. Masikii a nthawi yawo analibe mamba, anali thabwa chabe, ndipo ankawapaka thupi lonse. A Ivor anandiuzapo kangapo mmene ankaimirira pabokosi kuti afike pabenchi, bambo awo ataima kumbuyo. Manja aja sanalakwitse chilichonse. Anangobwerera kumene anayambira, n'kusiya lamulo la mamba, kalabu, ndi zaka zathu zambiri kunja kwa chitseko.

Ndinakhala pa chitini cha penti. Chisoni chimene chinandigwira sindinachimvepo ngakhale pa maliro a mayi anga, chifukwa pamaliro umadziwa kuti munthu wapita, pomwe apa anali ataima patsogolo panga, wamoyo, akuimba likhweru. Ndinakumbukira mmene anafunsira pakaphiri paja kuti wachita ndani, akuyang'ana anthu kumaso. Sankanama. Ankafunadi kudziwa.

Pazenera la galaja phiri linkaoneka theka, theka linalo litamezedwa ndi nkhungu. Anthu anali akumanga zikwama m'nyumba zawo nthawi imeneyo, Kirrily mmodzi wa iwo, kukonzekera kuponda pamene a Ivor aponda. Botolo la malalanje linali pabenchi pomwe Brenton analisiya, mswachi uli pambali pake. Nthawi inalipo. Ndikanatha kuwatumiza a Ivor kukamwa tiyi, n'kutsuka sikii zonse ziwiri asanabwere otitenga. Zikanaluma bwino, zikanawakweza kaphiri koyamba anthu akuombera m'manja, n'kuwafikitsa mpaka pamene mizati imathera. Kuchokera pamenepo ndiye sindinkadziwa kuti angatsogolere anthu ku kanyumba kaja kapena kwa atate awo. Sikii zomata phula zikanawafikitsa patsinde pa bulugamu uja basi, anthu n'kuyambanso kukonza magolovesi awo, ine n'kuwatengera ku galimoto kukamwa tiyi wa m'fulasiki, atakwiya, akufunsa kuti wachita ndani.

Panja panamveka pikapu. Inaima kutsogolo, pageti. Brenton anatsika, anayang'ana chitseko cha galaja, ananunkhiza mpweya, ndipo ndinaona mapewa ake akugwa. Anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa burashi ija pang'ono, kundionetsa kudzera pazenera, ngati akufunsa chilolezo. Ndinapukusa mutu. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anaibweza m'thumba, anavula chipewa n'kuima pomwepo pageti.

A Ivor anaimika simbi, anamasula sikii n'kuikweza kunyale, diso limodzi atatsinzina.

"Taona iwe, maso ako ndi abwino. Zatheka?"

Ndinaimirira n'kuilandira. Inali yofunda ngati buledi. Ndinayendetsa chala chachikulu kuyambira kumphuno, see, see, mpaka pakati. Chakuchidendene mamba angapo anali akadali moyo, anandiluma chala, omwe aja ndinawatokosa ndekha Lachinayi.

Ndinaigoneka pabenchi n'kuigwira kumchira kuti isagwedezeke.

"Apa mwasiya, bambo a Kirrily."

"Wandipulumutsa," anatero akumwetulira, n'kugunditsa phula pa simbi. Dontho loyamba linagwera pafupi ndi chala changa, ndipo sindinachichotse.